Nkhawa Ikasanduka Matenda

Munthu akakumana ndi njoka m'njira, thupi silidikira kuti ayambe waganiza. Tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira adrenaline m'magazi, mtima umathamanga, manja amachita thukuta, miyendo imakonzeka kuliyatsa liwiro. Njoka ikalowa m'tchire, zonse zimabwerera mwakale.

Matenda a nkhawa ndi pamene thupi likuchita zomwezi njoka palibe. Wina amangokhalira maganizo usana ndi usiku, za fizi ya ana, za ngongole ya kubanki mkhonde, ngakhale za zinthu zoti sizinachitike n'komwe. Zikatha miyezi 6 zikumusowetsa tulo ndi kumulepheretsa ntchito, madokotala amati ndi matenda. Wina zimamugwera mwadzidzidzi ali m'minibasi: mtima kugunda kwambiri, chifuwa kuthina, zala kuchita dzanzi, iye n'kumaona ngati akufa. Pakapita mphindi zingapo zimazirala zokha, koma mantha oti zibweranso amatsala.

Ambiri amayamba n'kukayezetsa malungo ndi BP, ndipo n'koyenera, chifukwa matenda a mtima ndi a chithokomiro amatha kuoneka chimodzimodzi. Chopweteka chimabwera akauzidwa kuti sanapezeke ndi kanthu. Apa achibale amayamba kunong'onezana za kulodzedwa, ena n'kumati, "Ingolimbani mtima." Wodwalayo sakunamizira. Bungwe la WHO linapeza kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi vutoli, ambiri mwa iwo akazi, ndipo wolandira chithandizo ndi mmodzi yekha mwa anayi alionse.

Chimene chimakulitsa matendawa ndi kuzemba. Uja wa m'minibasi amasiya kukwera, kenako kumsika sapitanso, mapeto ake ngakhale kutchalitchi. Akazemba amamva bwino tsiku limenelo, koma ubongo umaphunzira kuti kunja kulidi zoopsa. N'chifukwa chake uphungu wotchedwa CBT umam'bweza pang'onopang'ono kumalo amene akuwaopa: lero aime pasiteji, mawa akwere mtunda waufupi, akupuma modekha ndi kutulutsa mpweya mosafulumira mpaka mtima utakhazikika.

Mowa ndi chamba zimangowonjezera vuto. Mankhwala monga fluoxetine amathandiza, ngakhale amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira ntchito, pamene diazepam ndi wa masiku ochepa chabe chifukwa thupi limamuzolowera. Thandizo lilipo ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu, komanso kwa anamwino a matenda a maganizo m'zipatala za maboma. Ngati m'bale wanu wayamba kudzitsekera m'nyumba, musam'dzudzule; m'perekezeni kuchipatala.