Kagalu ka pafulati: patapata kapena usipa?

Pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe, ndipo m'mizinda yathu katemera wa agalu akalengezedwa, mizere imayambira m'mamawa. Amene wakhala akuiona mizereyi kwa zaka zingapo waona kuti yasintha. Kale ankadzaza anyamata okoka agalu achikuda ndi chingwe cha khonje. Lero pamzere womwewo pakuimanso amayi ovala za kuofesi, atafungatira tiagalu toyera mbee, ta ubweya wambiri, tina titakulungidwa m'thawulo. Tiagalu timeneti sitigona panja. Timagona m'nyumba, ndipo nthawi zambiri nyumbayo ndi fulati ya m'mwamba, yopanda bwalo, yopanda kuseri.

Ku Area 47, Area 43 ndi Area 49 ku Lilongwe, ngakhalenso ku Namiwawa ndi Nyambadwe ku Blantyre, puloti imene inkakhala ya banja limodzi tsopano ikusunga mabanja angapo. Onsewo geti ndi limodzi, mlonda mmodzi, ndi kamzere kamodzi ka kapinga m'mbali mwa mpanda. Tiagalu ta mtundu wa Maltese, Japanese Spitz ndi tina tosakanizika tikugulitsidwa pa Facebook, pa WhatsApp ndi m'mphepete mwa misewu. Wogulitsa amafotokoza za chakudya ndi sopo wosambitsira. Za kumene kagaluko kazikadzithandizira, wogula amazionera yekha akafika kunyumba.

Pa mafulati ena mumzinda wa Lilongwe pali mayi wina wogwira ntchito ku City Centre. Amakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja katatu, ndi ana ake awiri komanso mtsikana womuthandiza ntchito zapakhomo. Kagalu kawo anakatenga kali ndi masabata 8. Kuyambira pamenepo tsiku lake limayamba 5 koloko isanakwane. Alamu ikalira sayamba ndi kusukusula. Amamangirira chitenje pamwamba pa diresi logonera n'kuthamangira pa katoni ya pakona imene kagalu kamagonamo, n'kukanyamula kagaluko m'khwapa timiyendo tili lendelende, chifukwa tikangogunda pamatailosi, basi kanyonyomala pomwepo.

Masiku oyamba ankatsika nako masitepe onse mpaka pa kapinga wa pageti. Mmawa wina ankafika bwino. Mmawa wina ankangomva chitenje chikufunda ali pakati pa ulendo, madontho akugwera pa chopondera cha oyandikana nawo a pansi pake. Dandaulo silinachedwe kufika kwa alandilodi. Koma chimene chinaletsa maulendowo si alandilodi ayi. Anali dokotala wa ziweto, atamva kuti usiku agalu oyendayenda amalowera kunsi kwa geti n'kudzithandiza pa kapinga yemweyo.

Nkhawa ya dokotalayo inali parvo, matenda amene amagwira kwambiri tiana ta agalu tosakwana miyezi 6. Kagalu kamasanza, kamatsegula m'mimba zamagazi zonunkha koopsa, ndipo pakangopita masiku ochepa kakhoza kufa. Kachirombo kake kamatuluka m'chimbudzi cha galu wodwala n'kukhala ndi moyo m'dothi kwa miyezi yambiri. Katemera amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa pakapita masabata atatu kapena anayi kufikira kagalu katakwana masabata 16. Wa chiwewe amabwera cha pa miyezi itatu. Izi zikutanthauza kuti nthawi imene kagalu kakufunika kutuluka pafupipafupi ndi yomweyonso imene dothi la aliyense lingakaphe.

Chimbudzi chinasamukira pakhonde. Anayamba ndi nyuzipepala zakale, koma kagaluko kanatenga phunziro lolakwika: pepala lililonse la pansi linasanduka pokodzera, mpaka kope la masamu la mwana wamkulu limene linaiwalidwa pafupi ndi sofa. Amene anapulumutsa zinthu ndi mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Anadula milomo ya beseni lakale lapulasitiki kuti kagalu kazitha kukweramo, anathiramo mchenga, kenaka anasema ndi khasu chigamba cha kapinga pamodzi ndi dothi lake kuchokera m'munda wa maluwa wotchingidwa, kumene agalu safika. Chigambacho chikafiira ndi mkodzo amabweretsa china. Anthu ophunzitsa agalu amati nzeru imeneyi ndi yolondola. Cha m'masabata 8 kagalu kamayamba kuzolowera chimene mapazi ake akuponda pokodza. Kozolowera kapinga kadzafuna kapinga, kozolowera nsalu kadzafuna kapeti.

Pachitseko cha firiji pali pepala la nthawi. Kagalu kamapita pakhonde kakangodzuka, kakangomaliza kudya, kakamaliza kusewera, ndiponso anthu asanagone. Chiwerengero chimene madokotala a ziweto amakonda kupereka n'chakuti kagalu kamatha kusunga mkodzo pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake. Ka miyezi iwiri sikangapirire kupitirira maola awiri kapena atatu. Mayiyo amachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, choncho ntchito yeniyeni ili m'manja mwa mtsikana uja. Ana nawonso anaphunzira zizindikiro. Kagalu kakasiya mpira mwadzidzidzi, mphuno pansi, n'kuyamba kuzungulira malo amodzi, wamng'ono amakuwa kuti, "Anti, kayamba kuzungulira!" Mtsikanayo amasiya mbale m'sinki, manja a thovu, n'kukanyamula. Pa mfundo ya chitenje chake pamakhala timitu ta usipa wouma. Kagalu kakangonyamuka pa kapinga, kamutu kamodzi kamalowa m'kamwa pompo, pakhonde pomwepo, asanabwerere m'nyumba.

Zonsezi zinkayenda mwapang'onopang'ono mpaka tsiku limene kunabwera malume a mayiyo kuchokera ku Ntchisi, amene anadzakhala masabata angapo akuonana ndi madokotala mumzinda. Mmawa wina anaponda chithaphwi pakhomo la bafa. Sanafunse munthu. Anakagwira kagaluko pachikopa cha pakhosi, anakakhudzitsa mphuno pamkodzopo, n'kukapatsa patapata kawiri. Mayiyo atatuluka kuchipinda anangoti, "Amalume, kadakali kakhanda." Iwo anayankha kuti, "Mwanangu, galu sanyengereredwa."

Mkangano umenewu suli m'nyumba imodzi yokha. Uli pafupifupi paliponse pamene kagalu kalowa m'nyumba ya anthu amene anakulira ndi agalu a panja. A mbali ya malumewo ndi ambiri, ndipo ali ndi mfundo zawo. Amati m'mera mpoyamba, ukakalekerera lero udzakolopa mpaka kalekale. Amati aweta agalu moyo wawo wonse, osaka ndi olondera, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anaipitsapo m'nyumba. Umboni wawo waukulu ndi nkhope ya galuyo. Ukangolowa n'kupeza chithaphwi, kagalu kamagwetsa makutu, kupanira mchira, kuyang'ana kumbali n'kuthawira kunsi kwa sofa. Kwa iwo zimenezi zikusonyeza kuti kakudziwa bwino lomwe kuti kalakwa. Ngakhale mlonda uja, mwini nzeru ya beseni, ankagwedeza mutu kuvomereza malumewo akamalankhula pageti.

Madokotala a ziweto ndi ophunzitsa agalu ambiri amakana. Iwo amati galu amalumikiza chilango kapena mphoto ndi chimene akuchita pa kanthawi komweko. Mkodzo wa mphindi khumi zapitazo kwa kagalu ndi nkhani yatha. Chimene kakuona ndi munthu wamkulu amene wakwiya, ndipo makutu ogwa aja ndi njira yake yopepesera mkwiyowo. Mu 2009 ku America kunachitika kafukufuku pa nkhope imeneyi. Eni agalu ankauzidwa kuti galu wawo wadya chimene anamuletsa, nthawi zina zili zoona, nthawi zina zili zabodza. Agalu amene anakalipiridwa ankaonetsa nkhope yolakwa ija ngakhale pamene sanakhudze kanthu.

Zimene zinachitika pafulati paja zikugwirizana ndi mbali imeneyi. Patangopita masiku ochepa chiyambire patapata, kagalu kanasiya kunyonyomala munthu akuona. Mtsikana ankakaika pa kapinga wa m'beseni, iko n'kungoima, kumuyang'ana, kunyambita milomo. Akatopa n'kukalowetsa m'nyumba, kankazemba mwakachetechete. Fungo ndi limene linaulula kumene kankapita: kuseri kwa sofa, ndi kumbuyo kwa katani ya kuchipinda cha ana. Kanali kataphunzira kuti kukodza pamaso pa munthu n'koopsa. Panabweranso vuto lina. Malume akangowerama kuti akagwire, kankagona chagada n'kutulutsa timadontho. Ophunzitsa agalu amati mkodzo woterewu ndi wa mantha ndi kugonja, ndipo kukamenya kumangowonjezera.

Nanga agalu a ku Ntchisi aja? Yankho la mbali inayi n'lakuti sanayesedwepo mayeso amenewa. Mwachibadwa, kamwana ka galu kakayamba kuyenda kamachoka pamene kamagona kukadzithandiza patali. Kumudzi patalipo ndi kuseri kwa nkhokwe kapena m'munda, ndipo palibe chitseko chotchinga. Pafulati kagalu kamaona katoni yake ngati kwawo, pabalaza ndi kuchipinda n'kukhala kutchire. N'chifukwa chake alangizi amati kasamapatsidwe nyumba yonse nthawi imodzi. Kayambe ndi malo aang'ono, monga pakati pa khitchini ndi khonde, ndipo zipinda zina zizitsegulidwa pamene kakusonyeza kuti kagwira.

Pali chifukwa chinanso chimene anthu ambiri amalumbirira kuti patapata amagwira ntchito. Pakati pa miyezi 4 ndi 6 chikhodzodzo cha galu chimakhwima, ndipo ngozi za m'nyumba zimachepa zokha. Amene ankamenya amati ndi patapata. Amene ankapereka usipa amati ndi usipa. Kusiyana kumaonekera pa galu amene watsala: wina amakanda chitseko kupempha kutuluka, wina amazemba. Tiagalu ta mitundu ing'onoing'ono timachedwerapo, tina mpaka chaka, ndipo apa ndi pamene eni ake ambiri amataya mtima.

Sikuti zonse zimene malume ankanena n'zopanda pake. Ophunzitsa agalu amavomereza kuti galu ayenera kudziwa mawu oti ayi. Ukakapeza kali mkati monyonyomala pamatailosi, kuwomba m'manja kamodzi n'kukanyamula msanga kupita nako pa kapinga n'kololedwa, bola kakamalizira pamenepo kalandire mphoto yake. Malumewo ankadandaulanso kuti ndiwo za anthu zikuthera galu chifukwa chongokodza, pamene mulu wa usipa pamsika wakwera mtengo, ndipo ankati kagalu kozolowera ziphuphu sikadzagwira ntchito yaulere. Yankho la mayiyo linali lakuti timitu tiwiri titatu patsiku sitingagwetse banja, ndipo mphotoyo imachepetsedwa khalidwe likakhazikika, n'kutsala mawu oyamikira okha. Sanamvane. Malume anabwerera kwawo akukhulupirirabe kuti agalu a m'tauni akuwonongedwa ndi eni ake. Zinatenga masabata angapo kuti kagalu kayambenso kudzithandiza mtsikana ataima pambali pake.

Kuseri kwa sofa kunafunika ntchito yakeyake. Galu amabwerera pamene pakumveka fungo la mkodzo wake, ngakhale mphuno ya munthu isakumva kanthu. Chikolopa chonyowa chimangomwaza fungolo nyumba yonse. Mankhwala otsukira okhala ndi ammonia amanunkha mofanana ndi mkodzo, choncho amakaitanira kagalu pamalo omwewo. Kuthira jiki pa mkodzo wosapukutidwa kumatulutsa mpweya wotsamwitsa, makamaka m'bafa lotseka. Panyumbapo anaphunzira kuyamba apukuta ndi pepala, kutsuka ndi madzi a sopo, kenaka kupaka viniga wosungunula ndi madzi. Kapeti ya pabalaza anaipinda n'kuiika pamwamba pa wadirobu. Dokotala anawachenjezanso kuti kagalu kakamakodza timadontho pafupipafupi, movutikira kapena mosakanikirana ndi magazi, asakaimbe mlandu wa mwano. Apite nako kuchipatala cha ziweto, chifukwa mwina ndi matenda a m'chikhodzodzo.

Pano kagaluko kali ndi miyezi isanu, katemera anatha, ndipo kamatsika masitepe ndi miyendo yake, kali pa chingwe. Tsiku loyamba mlonda anatsitsa chigamba chakale cha m'beseni n'kuchiika pakona ya mpanda kuti kadziwe pofikira. Beseni lidakali pakhonde chifukwa cha usiku ndi mvula.

Kutsika pansi kwabweretsa funso lina, loti atole ndani. Pa kapinga yemweyo ana a mafulati onse amasewerapo opanda nsapato, ndipo chimbudzi cha galu chimatha kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba zimene zimagwiranso anthu. Amene anagwirapo ntchito m'nyumba za ku Johannesburg sadabwa kuona munthu akuyenda ndi galu, kathumba kali m'manja. Kuno ambiri zimawachititsa manyazi, ndipo amadikira mdima kapena kuyang'ana kumbali ngati sakuona. Majumbo opyapyala ndi oletsedwa, choncho m'nyumba zina mapaketi a shuga ndi a buledi sakutayidwanso, akusungidwa m'kabati pafupi ndi chingwe cha galu. Alonda ena ayamba kunena poyera kuti kutola za galu sikunali m'pangano la ntchito yawo, ndipo pakutha pa mwezi amayembekezera kenakake kapadera. Alandilodi nawonso asintha mafunso. Munthu akabwera kudzaona fulati, akamufunsa kumene amagwira ntchito ndi kuchuluka kwa ana, ena akumawonjezera kufunsa ngati ali ndi galu, ndipo ngati ali naye, wa miyezi ingati.