Nyanga ya ku Ripon ndi sikelo ya meya

Ikangokwana 9 koloko usiku, pamsika wa ku Ripon, tauni yaing'ono ya ku North Yorkshire ku England, pamatulukira munthu wovala chikhoti chachitali ndi chipewa cha nsonga zitatu, nyanga ili m'manja. Amafika pa chipilala chamwala chomwe chinaimikidwa mu 1702, n'kuomba nyangayo kanayi, kamodzi pa ngodya iliyonse. Akatero amapita kukauza meya kuti ulonda wayamba. Kaya kugwe mvula, kaya chisanu chilume zala, nyanga siigona.

Ulonda wake uti, apolisi ali pomwepo? Eni tauniyo amati mwambowu unayamba mu 886, m'masiku a mfumu Alfred. Chaka chimenecho n'cha m'nthano za makolo, koma udindo womwe unabala mwambowu unalipodi. Ankautcha Wakeman, ndiye kuti mlonda wamkulu. Nyanga ikalira, chitetezo cha tauni chinali pamutu pake mpaka kutacha. Eni nyumba ankamupatsa mapeni awiri pachaka pa khomo lililonse lotulukira panja, ndipo mbala zikathyola nyumba usiku, iye ndiye ankabweza katunduyo. Tangoganizani, mkulu wa tauni kupisa m'thumba mwake chifukwa alonda ake anawodzera! Mu 1604 mfumu James I inapatsa tauniyi chikalata chatsopano cha ulamuliro, ndipo Hugh Ripley, yemwe anali Wakeman womaliza, anakhala meya woyamba. Lero oomba nyanga alipo angapo, amasinthana masiku, ndipo akamaliza kuomba amacheza ndi alendo odzaona malo. Mlandu wa akuba suwakhudzanso.

Ku High Wycombe, m'chigawo cha Buckinghamshire, amagwira meya pamimba. Mwezi wa Meyi chaka chilichonse meya amakhazikidwa pampando wolendewera pa sikelo, anthu ali bwalo lonse. Amamuyeza polowa, amadzamuyezanso potuluka. Wolengeza akafuula kuti thupi lawonjezekera, khamu limamukuwiza, poti ndiye kuti wanenepa ndi misonkho ya anthu. Akapezeka kuti sananenepe, m'manja mumawomba. Makhansala nawo amakwera pampando womwewo. N'zoseketsa, inde, ndipo sikelo siingagwire wakuba wochenjera amene amadya osakhuta. Komabe sindikudziwa njira ina yofunsira mtsogoleri funso limeneli pamaso pa ana ndi agogo, iye n'kumamwetulira.

Maudindo ena ali m'matauni ambiri akale a ku England. Pali wonyamula chibonga, amene amatsogolera meya pamwambo. Poyamba chibongacho chinali chida chenicheni chomenyera, chotetezera meya ndi kugwirira olakwa. Lero n'chasiliva, kumutu kwake kuli chisoti chachifumu, ndipo khonsolo ikamakumana chimagonekedwa patebulo. Mfumu ya dziko ikabwera, amachinyamula chozondotsa, poti mwini mphamvu wafika yekha. Palinso wolengeza wa belu, amene kale ankawerengera anthu osadziwa kuwerenga malamulo ndi nkhani za pamsika. Masiku ano amatsegulira zionetsero ndi kupikisana ndi anzake kuti wa mawu amphamvu ndani.

Mano a maudindowa anaguluka pang'onopang'ono. Lamulo la mu 1835 linasintha matauni 178 momwe timagulu ta anthu olemera tinkangosankhana tokhatokha, n'kulamula kuti makhansala azisankhidwa ndi olipira msonkho. Mu 1974 maboma ambiri a matauni akale anaphatikizidwa m'makhonsolo akuluakulu, ndipo m'malo ena munatsala kagulu ka makhansala kongosamala zikalata, chibonga ndi mikanjo. M'matauni ambiri meya amasankhidwa ndi makhansala anzake kwa chaka chimodzi chokha. Amatsogolera misonkhano, amadula maliboni, amayendera okalamba, amasonkhetsa ndalama zachifundo. Za bajeti ndi misewu amagamula ndi ena.

Tcheni cha pakhosi ndi mkanjo zinawoloka nyanja pamodzi ndi atsamunda, n'chifukwa chake timaziona pa mameya a ku Blantyre ndi Lilongwe. Sikelo ija ndi lamulo lobweza katundu wobedwa sizinakwere nawo sitima.