Musanakhulupirire chiwerengero, funsani kuti ofunsidwa anapezeka bwanji

Nthambi ya boma ya National Statistical Office ku Zomba ikatulutsa zotsatira za kafukufuku, pamamveka dandaulo lomwelomwelo: "Ine sanandifunse, ndiye adziwa bwanji?" Dandauloli lili ndi mutu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu 17,563,749, koma kafukufuku wa umoyo wa m'mabanja wa 2019/20, amene anati anthu 50.7 mwa 100 alionse ndi osauka, anafika pa makomo osakwana 12,000. Ine ntchito yanga ndi kuphunzitsa ndi kusanthula ziwerengero, ndipo chimene ndimaumirira n'chakuti mphamvu ya chiwerengero imagona pa njira imene ofunsidwa anasankhidwira. Kuchuluka kwawo, ngakhalenso pulogalamu ya pakompyuta imene yawerengetsa, zimabwera pambuyo.

Mayi wophika ndiwo za pa ukwati samwa msuzi wonse kuti adziwe ngati mchere wakolera. Amayamba watakasa, kenako n'kulawa pang'ono. Kutakasa kwa ife ndi maere. Pa nthawi ya kalembera dziko limagawidwa m'timadera ting'onoting'ono. Pochita kafukufuku, timadera tina timasankhidwa mwa maere, makomo onse a m'timaderato amalembedwa, ndipo maere ena ndiwo amaloza khomo loti lifunsidwe. Mfumu siiloza nyumba ya m'bale wake, wofunsa naye saloledwa kungolowa nyumba za m'mbali mwa msewu poopa matope. Zikayenda chonchi, masamu amatiuza kukula kwa kuphonya kumene tingayembekezere. Bungwe la Afrobarometer limafunsa Amalawi 1,200, ndipo yankho lake likhoza kuphonya ndi anthu pafupifupi atatu mwa 100, kupitirira kapena kuperewera. Wofuna kuchepetsa kuphonyako ndi theka ayenera kufunsa anthu 4,800, osati 2,400, n'chifukwa chake kafukufuku wolondola kwambiri amadya ndalama.

Ena amati mulimonsemo kufunsa anthu ambiri kumaposa kufunsa ochepa. Zimene zinachitika ku America mu 1936 zimatsutsa ganizoli. Magazini ya Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni ndipo inalengeza kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt pa chisankho cha pulezidenti. Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Maina ambiri magaziniyo inawatenga m'mabuku a eni telefoni ndi eni galimoto, pa nthawi imene umphawi unali utavuta, ndiponso amene anavutikira kuyankha anali makamaka okwiya ndi boma. George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewa, ananeneratu kuti Roosevelt apambana. Msampha womwewo uli m'mavoti a pa Facebook ndi m'mapulogalamu oimba foni pa wailesi. Kwathu kuno kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 amakhala kumudzi, ndipo amene ali ndi mayunitsi, intaneti ndi mkwiyo wokwanira kuimba foni saimira agogo a ku Nthalire kapena msodzi wa ku Chisi. Mayankho otere akachuluka, bodza limangovala bwino.

Apa ndi pamene ndimasemphana ndi ophunzira ambiri, amene funso lawo loyamba limakhala lakuti aphunzire pulogalamu iti ya pakompyuta: SPSS, Stata kapena R. SPSS inayamba mu 1968 ndipo imakondedwa chifukwa munthu amangodinadina. Stata inatuluka mu 1985 ndipo yazika mizu pakati pa ofufuza za chuma ndi zaumoyo. R inapangidwa ndi Ross Ihaka ndi Robert Gentleman pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand, ndipo ndi yaulere. Mukazipatsa manambala amodzimodzi, zitatu zonsezi zikupatsani avereji imodzi, koma palibe imene idzakufunseni kumene manambalawo achokera. Taganizirani za Likoma, boma limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu osakwana 15,000. Kuti kafukufuku anene chomveka za bomalo, amafunsa makomo ochuluka kuposa gawo lake pa chiwerengero cha dziko, ndipo posanthula, yankho lililonse limayenera kupatsidwa kulemera koyenera. Wophunzira akaiwala zimenezi, Likoma amalemera mopitirira muyeso m'zotsatira za dziko lonse, kompyuta ili chete. Ngakhale mayiko olemera amapunthwa pomwepa: mu 2020 ku England anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sanalowe m'chiwerengero pa nthawi yake, chifukwa fayilo ya Excel ya mtundu wakale inadzaza mizere yake n'kusiya otsalawo kunja.

Wina anena kuti olemba ntchito amafuna SPSS kapena Stata, osati nzeru za maere. N'zoona, ndipo sindikuti ophunzira apewe kompyuta. Aphunzire pulogalamu imodzi mpaka aidziwe bwino. Ine ndimakondera R pa zifukwa ziwiri: siilira madola a laisensi amene sukulu zathu zimawasowa, ndiponso munthu amalemba malamulo ake mzere ndi mzere, kotero mnzake akhoza kutsatira mapazi ake n'kupeza pamene analakwitsa. Koma mabatani amaphunzirika m'milungu yochepa, pamene diso lokayikira manambala limatenga zaka. Mphunzitsi wabwino amayamba watumiza ophunzira ku msika kukalemba mitengo ya chimanga, kuti aone okha kuti ndowa za ogulitsa sizifanana, ndiponso kuti mtengo wa m'mawa si wa madzulo. Akatha kujambula manambalawo pa pepala ndi kunena chimene akuona, m'pamene kompyuta imakhala yothandiza.

Diso lomweli likufunika pomasulira zotsatira. Kafukufuku wa 2016/17 anapeza osauka 51.5 mwa 100, wa 2019/20 anapeza 50.7. Wandale akhoza kuimba nthungululu kuti umphawi watsika, koma kusiyana kochepa chonchi kungathe kubwera ndi maere okha, ndipo popeza anthu ankachuluka ndi pafupifupi 2.9 mwa 100 chaka chilichonse, osauka enieniwo anawonjezeka. Yerekezerani ndi uchembere: mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 pa avereji, pofika 2015/16 anali 4.4. Kutsika kumeneku n'kwakukulu kuposa kuphonya kulikonse kwa maere, choncho tikhoza kukuimirira.

Izi sizikutanthauza kuti ziwerengero n'zabodza. Kafukufuku woona amanena yekha malire a kulondola kwake, chinthu chimene mphekesera sizichita. Mtolankhani, phungu kapena mphunzitsi amene wapatsidwa peresenti afunse zinthu zitatu asanaifalitse: anafunsidwa ndani, anasankhidwa bwanji, ndipo yankholi likhoza kuphonya ndi zingati. Wobweretsa chiwerengero akalephera kuyankha mafunsowa, chiwerengerocho chisalowe m'nyuzipepala kapena m'bajeti.