Tanthauzo la Nambala za pa Mapu a Malo Olima

Mapu ambiri amene amafika m'maofesi a zaulimi masiku ano sajambulidwa ndi dzanja ayi. Amachokera ku zithunzi za satelayiti, ndipo dziko limagawidwa m'timabokosi ting'onoting'ono, kabokosi kalikonse kokhala ndi nambala imodzi. Nambalayo si muyeso wa chinthu chilichonse. Ndi dzina chabe la mtundu wa malo. Pa mapu a WorldCover, amene bungwe la European Space Agency linatulutsa mu 2021, kabokosi kamodzi ndi mamita 10 mulitali ndi mulifupi. Nambala 10 imaimira mitengo, 30 udzu, 40 minda, 50 malo omangidwa nyumba ndipo 80 madzi.

Vuto limayamba mapu akalekana ndi chikalata chofotokoza nambalazo, chimene akatswiri amachitcha metadata. Kompyuta sidziwa kuti 30 ndi dzina. Wina akaiuza kuti iphatikize timabokosi tiwiri ndi kupeza nambala yapakati, dambo la udzu la 30 ndi mudzi wa 50 zimasanduka 40, ndiye kuti munda wabadwa pamene sipanalowepo khasu. Mahekitala abodza otere akalowa m'malipoti a zokolola, chiwerengero cha feteleza ndi mbewu zofunika m'dera chimasokonekera. N'chifukwa chake chikalatacho chiyenera kunena poyera kuti nambala za pa mapu ndi maina a magulu, zosayenera kuwonkhetsedwa kapena kugawidwa.

Mapu osiyana sagwirizananso pa nambala. Pa mapu a MODIS otsata magulu a IGBP, minda ndi 12, osati 40. Ngakhale mapu omwewo anasintha: m'mtundu wachisanu madzi anali 0, koma m'mtundu wachisanu ndi chimodzi anakhala 17. Popeza mapu ena amagwiritsa ntchito 0 posonyeza malo amene sanayezedwe, nambala ya mtundu wa mapu ndi nambala ya malo opanda chidziwitso siziyenera kusowa m'chikalatamo.

Dzina la gulu nalo silikwanira palokha. Liwu loti "munda" pa WorldCover limatanthauza mbewu za pachaka, zofesedwa ndi kukololedwa. Mbewu zamitengo zokhala zaka zambiri zimaikidwa pamodzi ndi mitengo kapena zitsamba. Motero tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, ngakhale ali ulimi weniweni, sayembekezeka kupezeka pa nambala 40. Nkhalango nayo ili ndi malire ake. Bungwe la FAO limaiwerenga kukhala malo oposa theka la hekitala, a mitengo yotalika kuposa mamita 5 imene nthambi zake zaphimba gawo loposa 10 pa 100 la nthaka. Tchire la miombo lodulidwadulidwa likhoza kulowa m'gulu limeneli pa mapu ena ndi kutulukamo pa ena, osasintha ngakhale mtengo umodzi. Pofuna kuthetsa kusamvana kotere, FAO inakonza njira ya LCCS yolongosola gulu lililonse ndi zizindikiro zooneka, ndipo muyezo wa ISO 19115 wa mu 2003 unakhazikitsa zimene chikalata cha mapu chiyenera kukhala nazo.

Alangizi ali ndi gawo lalikulu pa ntchitoyi, chifukwa ndiwo amatsimikiza mapu m'munda. Mlangizi akaima pamalo ndi GPS, alembe tsiku, mbewu zimene waziona, ndi mndandanda wa magulu umene akutsata. Tsiku ndi lofunika kwambiri ku madambo, kumene malo odzaza madzi mu February amakhala dimba la chimanga mu September. Alembenso maziko a muyeso: GPS imatsata WGS 84, pamene mapu akale a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anatsata Arc 1950, ndipo kusiyana kwake kukhoza kuika munda wa mlimi pamalo a mnzake.