Kabokosi ka moto pa galimoto yakale: mukamangirira pati?

Galimoto zomwe ku Lilongwe anaziiwala kalekale, kuno kwa Kachindamoto zidakali pa ntchito. Imani pamphambano ya Golomoti kapena pa Mtakataka tsiku la msika muone nokha: Nissan 1400, Peugeot 504 ya pikiapu, ka Hilux ka kabureta, mwinanso Land Rover yomwe inayamba kuyenda mwini wake wa lero asanabadwe. Azungu galimoto zotere amazisunga m'nyumba n'kumazipukuta Lamlungu. Kwathu kuno zimasenza matumba a mpunga wa ku Bwanje, madengu a usipa, ndi anthu pamwamba pa katunduyo. Ambiri mwa omwe akuziyendetsa tsopano ndi achinyamata. Ena anasiyiridwa ndi bambo kapena malume, ena anagula ndi ndalama za ku Joni.

Achinyamata amenewa ali ndi foni m'manja, ndiye aona pa YouTube ndi pa Facebook kuti mapointi angathe kuchotsedwa. Kwa amene simunatsegulepo distributor, mapointi ndi tizitsulo tiwiri tomwe timatseguka ndi kutsekeka injini ikamazungulira, ndipo kutsegukako ndiko kumauza koyilo kuti itumize moto ku pulagi. Timapsa, timatha, mpata wake umasintha, basi galimoto yayamba kuvuta kulira m'mawa. M'malo mwake munthu amaika kabokosi ka zamagetsi kogwira ntchito yomweyo popanda chokhulana. Maganizo ake ndi abwino, ine sindikutsutsa. Chomwe chimandidandaulitsa ndikasuzumira m'maboneti m'magalaja a m'mbali mwa msewu wa M5 ndi malo omwe kabokosiko akukamangirira. Ambiri amangoyang'ana pomwe pali kale bowo la bauti, kapena pomwe waya wafika osalumikiza wina. Kenako kakafa pakatha miyezi ingapo, mlandu umagwera wogulitsa, ati anatipatsa cha feki.

Zafeki zilipo, inde. Koma nthawi zambiri kabokosi kamaphedwa ndi kutentha.

Mkati mwake muli transistor yomwe imayatsa ndi kuzimitsa magetsi a koyilo kambirimbiri. Injini ya masilinda 4 ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, imafuna moto ka 6,000 pa mphindi yomweyo, kutanthauza ka 100 pa sekondi iliyonse. Ntchito imeneyi payokha imatenthetsa kabokosi, ndipo kutenthako kamayenera kukutaya kudzera m'chitsulo chomwe kakhalapo komanso mu mpweya wozungulira. Tsono ngati mpweyawo ndi wochokera pa manifodi ya ekizozi, yomwe pokoka katundu imapitirira madigiri 400, kadzataya kuti?

Apa ndiye pamasiyana mnzanu wa ku Dedza boma ndi inu a kunsi kuno. Iye ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, kumene anthu amavala juzi ngakhale masana. Inu muli m'chigwa cha m'mbali mwa nyanja, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 35 injini musanailize n'komwe. Malo omwe kwa iye kabokosi kakhala zaka popanda vuto, kwa inu angathe kukapha chilimwe chimodzi. N'chifukwa chake ndimati malangizo a pa vidiyo yojambulidwa ku England muziwamva ndi khutu limodzi.

Ndipo pali Khwekhwelere. Msewu wochoka pa Golomoti kukwera kukalowa mu M1 pa Masasa ndi wokhotakhota, ndipo galimoto yodzaza imaukwera pa giya 1 kapena 2. Injini ikukuwa, koma liwiro palibe, mphepo yolowa kutsogolo ndi yochepa. Pansi pa boneti pamasanduka uvuni. Kabokosi kotenthedwa sikachenjeza, kamangodula moto, injini zii. Pamalo athyathyathya zimenezi n'zongotayitsa nthawi. Pa chitunda ndi nkhani ya moyo, chifukwa pa galimoto yomwe mabuleki ake ali ndi booster, mphamvu yothandizira phazi lanu imachokera ku injini. Injini ikazima mumatsala ndi kuponda kawiri kapena katatu, kenako buleki imauma gwa, kumbuyo muli matumba 15 ndi amayi opita ku msika.

Musaganize kuti vutoli ndi la amakaniko a pansi pa mtengo okha. Kampani ya Ford ku America inamangirira module yake yotchedwa TFI pa distributor penipeni, pa galimoto mamiliyoni ambiri zopangidwa pakati pa 1983 ndi 1995. Zinkazima pamsewu injini ikatentha. Nkhani inakafika ku khoti ku California, m'chaka cha 2000 woweruza analamula kuti galimotozo zikonzedwe, ndipo mu 2001 kampaniyo inavomera kulipira eni ake omwe anawononga ndalama posintha module. Pa galimoto zina Ford inachita kuichotsa pa distributor n'kukaiika patali, pa mbale yakeyake ya aluminiyamu. Mainjiniya a madigiri awo anapunthwa pa funso lomweli la malo.

Ndiye pati? Choyamba dziwani chomwe mwagula, poti sizofanana. Pali tina tating'ono tolowa mkati mwa distributor pomwe panali mapointi. Timeneto malo ake ndi omwewo, palibe chosankha. Pali module yaphwatalala yokwana m'chikhatho, ngati ya Bosch yomwe imapezeka pa Golf zakale. Ndiye pali bokosi lalikulu la mtundu wa CDI, lodziwika kwambiri ndi lofiira lija la MSD, lomwe abale amabwera nalo kuchokera ku Johannesburg.

Kwa ine, malo oyamba kuyang'ana ndi mkati mokhala anthu, mbali ya pasenjala, pa chipupa chachitsulo cholekanitsa injini ndi miyendo yanu chomwe amakaniko amati firewall. Kamangeni m'mwamba, kuseri kwa dashibodi, pomwe phazi kapena thumba la chimanga silingakagunde. Kumeneko kulibe ukali wa ekizozi, matope safika, ndipo mawaya amadutsa pabowo limodzi kupita ku koyilo. Bowolo muikemo mphira, apo ayi chitsulo chidzadya waya pang'onopang'ono mpaka shoti. Musanaboole, gwirani chipupacho ndi dzanja mutayenda ulendo wautali, chifukwa pa galimoto zina paipi ya ekizozi imatsikira kuseri kwa malo omwewo ndipo chitsulo chimawotcha. Ngati ndi choncho, sunthirani kumbali.

Koma mkati sikutanthauza motsekeka. Ndaonapo bokosi litaponyedwa m'kabati ya dashibodi pamodzi ndi blue book ndi nsanza, lina litakulungidwa m'jumbo pansi pa mpando kuti lisalowe fumbi. Kumeneko n'kuliphika. Opanga MSD eniake amaletsa kuliika malo otsekeka ngati m'kabatimo, chifukwa timizere tija tapamwamba pake ntchito yake n'kutaya kutentha mu mpweya woyenda.

Ngati m'kati mulibe malo, monga zimakhalira mu Nissan 1400 momwe anthu awiri akuluakulu amakhala mawondo ali pa dashibodi, bwererani ku injini koma musankhe mbali. Injini ya Nissan imeneyi kabureta ndi ekizozi zili mbali imodzi, distributor ndi mapulagi mbali inayo. Pitani mbali yopanda ekizozi, pa chitsulo cha m'kati mwa madigadi, m'mwamba, chakutsogolo pang'ono komwe mpweya wozizira umalowera m'mbali mwa redieta. Osati kuseri kwa redieta penipeni, poti mphepo ya fani yatenga kale kutentha kwa madzi. Pa injini penipeni ndiye ayi ndithu, ngakhale bauti yake ikuoneka yokopa bwanji. Pamenepo pali kutentha ndi kunjenjemera pamodzi, ndipo mukazimitsa injini pa siteji kudikira anthu, madzi ndi fani zimaima koma chitsulo chimapitiriza kutulutsa moto wake kwa mphindi zingapo.

Za module yaphwatalala ija pali chinthu chomwe ambiri amachinyozera. Kumsana kwake n'kwachitsulo, ndipo kumayenera kugona pa mbale ya aluminiyamu kapena pa chitsulo chosalala chopanda penti wochindikala, pakati mutapaka mafuta oyera aja otulutsa kutentha. Okonza mafoni ndi makompyuta amawadziwa, ndi omwe amapaka pa processor. Girizi wa ma bearing si m'malo mwake. Module yolendewera pa waya kapena yomangidwa ndi mphira wa chubu pa paipi, masiku ake ndi owerengeka. Bokosi lalikulu la CDI lili ndi khalidwe lina, limafuna timiyendo ta mphira pansi pake kuti mabampu a misewu ya fumbi yolowera ku midzi ndi ku madoko asagwedeze zam'kati.

Dzinja likafika mdani amasintha. Madzi otsika m'mapiri a Dedza amadzaza Nadzipulu, Livulezi ndi timitsinje tina mwadzidzidzi, ndipo m'misewu ya m'midzi mumawoloka zithaphwi zofika m'maondo. Chilichonse chomangidwa m'munsi mwa nyali za kutsogolo chidzamwa madzi. Kabokosi kakhale pamwamba kuposa distributor ngati n'kotheka, mawaya ake atulukire pansi kapena cham'mbali kuti dontho lotsetsereka pa waya lisalowe mkati, ndipo musakamange chadodolido chifukwa chinyontho chikalowa chimasowa potulukira. Anyamata otsuka galimoto muwauze asalozeko paipi. Pafupi ndi batire napo mupatalikire pang'ono, nthunzi ya asidi imadya zolumikizira.

Malo amabweranso ndi nkhani ya mawaya. Waya woonda wochokera mu distributor amanyamula chizindikiro chofooka kwambiri, ndiye akayenda moyandikana ndi mawaya a mapulagi kapena a koyilo amatola phokoso la magetsi, kabokosi n'kumaponya moto nthawi yolakwika. Muwadutsitse njira zosiyana, akakumana apingasane, asagonerane. Pa CDI, mawaya awiri opita ku koyilo amanyamula mavoti oposa 400, si 12 ija munazolowera, choncho asakhale pomwe mwana wokhala kutsogolo angafikepo ndi chala. Waya wa earth akhale wonenepa, wamfupi, womangidwa pa chitsulo chopalidwa bwino kapena ku batire kwenikweni. Galimoto za zaka 40 zimakhala ndi dzimbiri m'malo olumikizira bodi, ndipo earth yofooka imatenthetsa kabokosi ngakhale kali pamalo abwino. A Land Rover zakale kwambiri, za m'ma 1960 kubwerera m'mbuyo, yambani mwaona kuti ndi mbali iti ya batire yomwe yamangidwa ku bodi, chifukwa zina zinali za positive earth ndipo mabokosi ambiri a masiku ano salola zimenezo.

Chizolowezi chija chozula waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikutchaja, chisiyeni tsiku lomwe mwaika kabokosi. Mapointi ankapirira, transistor sipirira. Chimodzimodzi popita kowotcherera, zulani kaye mawaya ake.

Mungadziwe bwanji kuti pomwe kali pano sipabwino? Galimoto imalira bwinobwino m'mawa, imayenda, ikatentha imayamba kudukiza kapena kuzimiratu, ndiye mukadikira mphindi 15 kapena 20 imaliranso ngati palibe chinachitika. Ambiri amathamangira kumasula kabureta, poti petulo wowira m'paipi amachitanso chimodzimodzi. Musanamasule, yesani moto pa pulagi nthawi yomweyo yazimayo. Ngati palibe, gwirani kabokosi. Kakakhala koti dzanja silingakhalepo masekondi 5, ikanipo kansalu konyowa, osati kuthira madzi, muone ngati moto ubwerere msanga. Ukabwerera, kabokosi kadakali moyo koma malo ndi olakwika, ndipo kakazima motere kangapo kadzafa kosadzukanso.

Mapointi ndi kondensa zomwe mwachotsa musataye. Zikulungeni m'kapepala pamodzi ndi sikuludiraiva, ndipo mawaya akale a koyilo musawadule, ingowakulungani tepi. Module ya mtundu wanu mwina simungaipeze pa Mua kapena pa Golomoti, mpaka wina akwere basi ya ku Salima, ku Balaka kapena ku Lilongwe, pamene mapointi makaniko aliyense wa pamsewu amawabwezeretsa pasanathe ola limodzi, usipa usanayambe kununkha.