Sienta sinafike, nanga dipoziti?

Mlamu wanga anapereka theka la mtengo wa Toyota Sienta kwa mkulu wina woitanitsa galimoto kuchokera ku Japan. Munali mu Seputembala 2023, mumzinda wa Lilongwe. Anapangana kuti pakatha masabata asanu ndi atatu adzalandira makiyi.

Masabatawo anatha. "Bwana, sitima yachedwa." Kenako, "Yafika pa Dar es Salaam." Patapita mwezi, "Ili pa Songwe, tikungolongosola za msonkho ku MRA." Tsiku limene mlamu anatopa nati ndibwezereni changa, mkuluyo anamuloza timawu ta pansi pa lisiti tonena kuti dipoziti sibwezedwa.

Anthu ambiri amagwa ulesi akafika pamenepa, poganiza kuti chilichonse chodindidwa ndi lamulo. Chonsecho funso lenileni ndi lakuti waphwanya pangano ndani. Ngati wogula wangosintha maganizo, mwina waona Vitz yotchipa kwina, wogulitsa ali ndi poyambira kukana, makamaka ngati anali ataitanitsa kale galimotoyo. Koma ngati wogulitsa ndiye walephera kubweretsa katundu, kapena wabweretsa galimoto ina yosiyana ndi imene munagwirizana, timawu tija sitingamupulumutse. Munthu sangadye ndalama ya mnzake pa chinthu chimene sanapereke.

Malamulo alipo. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act linakhazikitsidwa mu 2003, ndipo limatsutsa mfundo zopondereza wogula m'mapangano. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC mwachidule, limalandira madandaulo otere. Kwa zaka zambiri linkagwira ntchito ndi lamulo la 1998, limene mano ake anali obuntha. Lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama komanso zolipiritsa chindapusa. Kulinso bungwe loimira ogula la CAMA, lomwe limadziwika ndi mawu a John Kapito, ndipo zikavuta makhoti ali potsegula.

Koma konseko adzakufunsani pepala. Apa ndiye pamene timagwera, chifukwa malonda a galimoto ambiri amachitika pa WhatsApp, pakati pa anthu oitanana kuti achimwene. Ndalama imatumizidwa ku akaunti ya munthu osati ya kampani, nthawi zina ya mkazi wake kumene. Pa lisiti salembapo nambala ya chesesi, chaka cha galimoto, ngakhale tsiku lofika. Timachita manyazi kufunsa, kuopa kuoneka ngati tikumukayikira mnzathu. Manyazi amenewo ndi okwera mtengo kuposa matayala anayi atsopano.

Chimene chinamuthandiza mlamu n'chakuti safufuta mauthenga. Anasindikiza onse, kuphatikizapo uja wa masabata asanu ndi atatu, n'kuphatikiza ndi kapepala ka ku banki. Analemba kalata yaifupi: ndalama ndi izi, tsiku tinapangana ndi ili, mundibwezere pasanathe masiku 14, apo ayi ndikadandaula ku CFTC ndi kukhoti. Anakapereka pamanja, mkuluyo n'kusainira pa kope lina. Mwadzidzidzi foni imene inkangoitana osayankhidwa inayamba kuyankhidwa.

Ndalama inabwera, koma mwapang'onopang'ono, katatu konse. Ndipo pali china chimene kalatayo sinatchule. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya galimoto zochokera kunja n'kukwera nayo. Mkulu uja anabweza ndendende chiwerengero cholembedwa pa lisiti, osawonjezapo ngakhale tambala, ndipo mlamu, yemwe anali atatopa ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku, sanalimbikire za chiwongoladzanja. Ndalama imene mu Seputembala inali theka la Sienta anagulira njinga yamoto, yomwe mphwake akuyendetsa kabaza ku Area 25.