KODI CHIDWI CHA MWANA PA SUKULU TINGACHIYESE NDI CHIYANI?

Mphunzitsi aliyense ali ndi miyeso iŵiri: kaundula woitanira maina m'maŵa, ndiponso mayeso a kumapeto kwa teremu. Yonseyi ndi yofunika, koma kaundula amangotiuza kuti thupi la mwana lili m'kalasi. Za kumene kuli mtima wake sanenapo kanthu. Mbiri ya ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, ingatiunikire pa nkhani imeneyi.

M'chaka cha 1861 Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anakhazikika pa Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, pamodzi ndi anthu amene analanditsidwa m'manja mwa ogulitsa akapolo. Tsiku ndi tsiku maina ankaitanidwa, anyamata ndi kuchita perete, kenaka kuphunzira zilembo. Komatu kaundula wotere sakadatha kuonetsa chidwi, pakuti anawo analibe kwina kopita, ndipo chakudya chawo chinali pomwepo. Bishopu uja anamwalira mu Januwale 1862, ndipo chaka chomwecho mishoni inasamukira kwa Chibisa.

Patapita zaka ngati 50, dziko lomwelo linali munda wa kampani ya A. L. Bruce Estates, kumene anthu ankagwira thangata. Eni munda sankalola sukulu pamalo pawo. Chikhalirecho anthu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, anamanga timatchalitchi ta udzu ta mpingo wa PIM wa Mbusa John Chilembwe, momwe ankaphunziramonso kuŵerenga. Woyang'anira mundawo, William Jervis Livingstone, anatitenthetsa, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zifukwa za nkhondo ya mu Januwale 1915. Ife tikuona kuti muyeso weniweni unali pamenepa. Munthu wotopa ndi thangata, wodziŵa kuti akhoza kuthamangitsidwa pamalo, koma namwetabe udzu wofolerera sukulu, ameneyo safunanso kufunsidwa ngati amakonda maphunziro.

Pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, ana olembetsa m'Malaŵi anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Akaundula anadzaza ndithu, koma ambiri mwa anawo anasiyira panjira asanafike Sitandade 8.

Tsono inu makolo, musangodikira pepala la zotsatira. Tsegulani kope la mwana wanu: kodi masamu amene analakwa anawabwerezanso yekha? Madzulo, m'malo momfunsa kuti wakhala nambala chiyani, mfunseni chimene iye anafunsa aphunzitsi lero. Mwana woŵerengera agogo ake kalata asanapemphedwe, kapena wophunzitsa mng'ono wake polemba pansi ndi kamtengo, akuonetsa chimene mayeso sangachigwire.

Chenjeraninso ndi mwana wofatsa. M'kalasi la ana 100, wokhala chete kumbuyo amatamandidwa kuti ndi waulemu, chonsecho mwina wachoka kunyumba osadya, kapena saona bwino zolembedwa pa bolodi. Aphunzitsi a Sande Sukulu, amene amakhala ndi ana ocheperapo, kaŵirikaŵiri ndiwo amayamba kuzindikira zotere, ndipo ndi bwino kuti azikauza makolo Sabata lomwelo.